Shiti Limene Ndinaphika

Ndinali kuvundula shiti m'chigubu cha madzi owira ndi mpini wa tsache pamene Bana Chanda, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, anasuzumira pampanda nakuwa ngati aona mwana akugwera pamoto.

"Mayo! Iwe mwaiche, uchita chani? Uphika ndiwo kapena uchapa?"

"Ndikuchapa, amama," ndinayankha, utsi wa mbaula uli m'maso.

"Chotsa! Chotsa manje manje!"

Ndinalinyamula ndi mpini uja likudontha, n'kuliponya pa kapinga. Nthunzi itatha ndinalitambasula. Shitilo linali ndi banga, ndipo poliponya m'chigubu bangalo linali lachikasu chofuwa, loti munthu wa maso ofooka akanalidutsa osaliona. Tsopano linali litapsa, lofiirira ngati tiyi wogona m'kapu, ndipo linagwira ulusi uliwonse. Ndinayang'ana shiti, ndinayang'ana chigubu, osamvetsa kuti madzi owira, amene kwathu amachotsa chilichonse, andichita bwanji chipongwe chotere.

Chinali chaka cha 1977, mwezi wa Juni, Lolemba m'mawa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo panali patangotha miyezi isanu chichokere kwathu ku Petauke kudzakhala ndi amuna anga, aKenani Daka, m'kanyumba ka zipinda ziwiri m'tauni, ku komboni ya Katondo. Iwo ankagwira ntchito yosula zitsulo ku njanji. Ine ntchito yanga inali kanyumbako, ndipo ndinkakanyadira kuposa mmene kanayenerera.

Chuma changa chachikulu chinali mashiti anayi oyera amene amayi a Chigwirizano a mpingo wathu anandipatsa pa ukwati. Masiku amenewo m'masitolo munali mashelefu okhaokha, sopo timachita kum'imira pamzere kuyambira m'mawa, ndiye mashiti anayi sichinali chinthu chamasewera. Alangizi anandiuza ndisananyamuke kuti anthu a m'tauni salowa m'nyumba mwako kuti akudziwe, amangoyang'ana zimene wayanika pachingwe. Anandiuzanso kuti mkazi wauve pogona amabwezedwa kwawo kuti akam'langizenso. Zimenezi sanali kundiopseza chabe. Msuweni wanga Emmie anabwezedwa chotero kuchokera ku Ndola, ndipo amayi ake anatha chaka chathunthu akukhala benchi yakumbuyo kutchalitchi.

Mabanga anayamba mwezi wa Epulo. M'mawa uliwonse mbali ya kukhoma, kumene aDaka ankagona, inkakhala yonyowa, ndipo ikauma inkasiya chikasu. Ndinkachapa, chikasu n'kumakhalabe. Ndinasiya kuyanika pachingwe cha kutsogolo, ndinayamba kuyanika kuseri, pakati pa chimbudzi ndi mpanda. Kenaka Loweruka kunabwera kalata yochokera kwa apongozi anga, mayi awo a aDaka, yolembedwa ndi dzanja la mlamu wanga Lyness. Kalatayo sinalembedwere mwana wawo, inalembedwera ine. Itatha moni inali ndi mizere itatu yokha: afika Loweruka likudzali, sakhalitsa, ndipo ndiwakonzere zogonera zonse za mwana wawo kuti adzazione ndi maso awo.

Ndinaiwerenga kalatayo mpaka inang'ambika popinda. Kwathu mayi salowa kuchipinda cha mwana wake wokwatira, sakhudza bedi lake, ndipo ngakhale kutchula zogonera zake satchula. Nanga awa, mayi wa mpingo, wodziwa mwambo kuposa ine, akufuniranji mashiti anga? Yankho ndinalipeza limodzi lokha: wina wawauza kuti mwana wawo anakwatira mkazi wauve, ndipo akubwera kudzanditenga.

Bana Chanda anazungulira mpanda nadzaima pafupi ndi shiti lija, manja ali m'chiuno. Anali mayi wa Chibemba, wamtali, wa mawu ngati wailesi, ndipo anachapirapo azungu kumayadi zaka khumi ndi chimodzi dziko lisanalandire ufulu. Chinyanja chawo chinali cha m'tauni, chosakaniza ngati ndiwo za pamaliro.

"Awe shuwa, wapaya shiti," anatero. "Iyi ni chibe, thukuta ya muntu. Chibe ili monga dzira. Ukaika mu manzi yakupya, yapya, yagwira, siichoka futi. Bakuphunzitsa chani ku Petauke?"

"Anati madzi owira amachotsa litsiro."

"Litsiro, ee. Iyi si litsiro. Leta yenango."

Ndinatulutsa atatu otsalawo ndikuyang'ana uku ndi uku. Iwo sanandiseke. Anandiuza kuti ndiyambe ndi madzi ozizira a pampopi, ndiviike mashiti mpaka dzuwa lifike pamutu. Kenaka ndidule mandimu, ndithire mchere pa banga, ndifikise ndi ndimulo ngati ndikutsuka mphika, ndisiye pang'ono. Ndikatero ndiviikenso m'madzi a soda, ndipake sopo, koma ndisatsukuluze. Ndiyale pa kapinga sopo ali pomwepo, ndipo likayamba kuuma ndiziwaza madzi ndi dzanja, kuti dzuwa lizigwira ntchito pansalu yonyowa. Kutsukuluza ndi buluu wowalitsira nsalu zoyera n'zomalizira.

"Zuba ndiye ichapa," anatero. "Iwe ungothandizako."

Anawerama natukula ngodya ya shiti lophika lija, nayang'ana banga nthawi yaitali.

"Ba Daka bagona mbali iyi?"

"Inde, kukhoma."

"Na mphepo yonse iyi ya Juni? Ise tifunda mabulangeti yatatu."

"Amati ndi moto wa kuntchito."

Bana Chanda anasiya ngodya ya shiti ija. Anapukuta manja pachitenje.

"Nkhani za ku chipinda si zanga," anatero, nabwerera kwawo. Ine ndinangomva kuti nawonso andiona uve, koma akundimvera chisoni.

Madzulo a tsikulo aDaka anafika dzuwa lisanalowe, akukankha njinga m'malo moikwera. Anapeza mashiti atatu ali yalaa pa kapinga, ine ndikuwaza madzi.

"Olipa, izi n'chiyani? Ukuonetsa Katondo yense pamene timagona?"

"Bana Chanda ati dzuwa ndi limene limachotsa."

"Bana Chanda aziona?"

"Aziona."

Anatsamiritsa njinga kukhoma, napita kuseri kwa nyumba. Ndinawamva akutsokomola kumeneko, chifuwa chouma chimene ankati ndi fumbi la malasha. Nthawi zonse ankakatsokomolera kuseri, ndipo ine ndinkati ndi ulemu. Atabwera ndinawapatsa madzi osamba m'manja ndi chakudya, ndinagwada, n'kuwapatsanso kalata ija. Anaiwerenga kawiri.

"Amama alembera iwe? Osati ine?"

"Ndi zimene zandizunguza. Kodi mwawauza chiyani za ine?"

"Palibe."

"Nanga akufuniranji mashiti? Ndalakwa chiyani, aDaka? Ngati ndi kuchapa, ndimachapa. Onani manja angawa."

Sanayang'ane manja anga. Anayang'ana panja, pamene panali mashiti, ndipo nkhope yawo sindinaimvetse. Sinali ya mkwiyo, koma sinalinso ya munthu amene akukumvera chisoni.

"Uchape bwino," anatero. "Ayere onse. Amama asadzaone kanthu."

Anadya nthongo zitatu nasamba m'manja. Imeneyonso inali nkhani ina yondidya mumtima: ndiwo zanga ankazisiya m'mbale. Ndinali nditasintha kathiridwe ka mchere, ndinasintha mafuta, ndinafunsa azimayi a kutchalitchi kaphikidwe ka m'tauni, koma mbale inkabwerera momwemo. Lamba wawo ndinam'peza ataboola bowo latsopano ndi msomali, ndipo ndinalira ndekha, poganiza kuti anthu adzati mwana wa eni wabwera kudzaonda m'manja mwanga. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi amaganiza kuti chilichonse chochitika m'nyumba chikunena za iye.

M'mawa mwake aDaka anachita chimene sanachitepo. Anabwera ndi mandimu odzaza chipewa ndi chidutswa cha sopo chimene anapempha kwa mnzawo wa kuntchito. Ndinathokoza, koma mtima unagwa, chifukwa mwamuna akafika pokufunira sopo ndiye kuti uve wako wamufika pakhosi. Ndipo kuyambira Lachitatu anasiya kugona pabedi. Anayala mphasa pansi ndi bulangeti lakale, nati asadetsenso zimene ndayeretsa. Ine ndinagona ndekha pa matiresi opanda shiti, ndikudzifunsa ngati ukwati umatha chotere, mwakachetechete, popanda ngakhale kukalipirana.

Njira ya Bana Chanda inagwira. Lachinayi chikasu chinali chitafuwa, Lachisanu chinali chitapita. Mashiti atatu ndi nsalu za mapilo zinayera mbee, ndipo nditaziviika mu buluu ndi kuzisita ndi simbi ya makala zinkawala kuposa tsiku la ukwati. Koma lachinayi, lophika lija, linakana. Ndinalifikisa ndi mandimu mpaka zala zinang'ambika, ndinaliyala padzuwa masiku anayi, koma banga linangokhala phee, likundiyang'ana. Lachisanu madzulo ndinalipinda kang'onong'ono n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi, kunsi kwa diresi langa la ukwati, ndipo sutikesiyo ndinaikankhira kunsi kwa bedi.

Apongozi anafika Loweruka cha m'ma teni koloko, aDaka ali kuntchito, pakuti Loweruka ankaweruka masana. Anali atagona kwa achibale ku Lusaka n'kukwera basi ya m'mawa. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wa duku loyera, ndipo pamutu anasenza dengu la mtedza. Ndinathamanga kukawalandira, ndinagwada patali monga mwa mwambo, n'kuwapempha kuti alowe m'nyumba. Anakana. Anati ndiwayalire mphasa pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo, poyera penipeni. Madzi anamwa, koma tiyi anati adikire.

"Apongozi," anatero m'Chinsenga chawo, maso ali pansi, "kalata yangu inafika?"

"Inafika, amama."

"Nipempha munikhululukire. Vamene napempha ni vosayenera, niziwa. Koma letani."

Pamene ndinkatuluka ndi mashiti m'manja, Bana Chanda anali atapeza chifukwa chopetera mpunga pafupi ndi mpanda, ndipo azimayi ena awiri a mumzere wathu anali atabwera kudzawathandiza kupeta mpunga wa lichero limodzi. Ku Katondo kalata siwerengedwa ndi munthu mmodzi. Ndinagwada n'kuika mashiti pamphasa.

Apongozi anatenga loyamba nalitambasula. Ine ndinkayembekeza kuti ayang'ana m'mphepete ndi m'ngodya, mmene alangizi amayang'ana pofuna kugwira mkazi waulesi. Iwo m'ngodya sanayang'anemo n'komwe. Anapita pakati, chakumutu, nalikweza kudzuwa, nalisuzumira ngati akufuna ulusi wotayika. Analinunkhiza. Anatembenuza mbali ina, nachitanso chimodzimodzi. Lachiwiri, lachitatu, kenaka nsalu za mapilo, imodziimodzi. 

"Ni yonse aya?"

"Ndi onse, amama."

Bodzalo linatuluka lokha, mosavuta, ngati linali kudikira pakhomo.

Apongozi anaika nsalu ya pilo pamiyendo, naphimba nkhope ndi manja onse awiri. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayang'ana kumpanda, lichero la Bana Chanda litaima m'mwamba. Ndinaganiza kuti mwina buluu ndinachulutsa, mwina kuyera kotere nakonso n'kulakwa kumene sanandiuze. Kenaka ndinamva mawu awo akutuluka pakati pa zala.

"Ambuye, zikomo. Zikomo, Ambuye."

Anapukuta maso ndi nsonga ya duku, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire anandiyang'ana kumaso, akumwetulira.

"Apongozi, mwanichotsa munga. Miyezi iwiri ine osagona tulo. Kenani pamene anabwera ku maliro a malume ake, ninaona khosi. Ninamvwa na katsokomoledwe. Ninamufunsa, akuti ni fumbi. Lomba nifunse nani? Imwe siningakufunseni va ku chipinda, kulowamo siningalowe. Niye chifukwa nati nione chabe vogonera."

"Zogonera zikanakuuzani chiyani, amama?"

"Atata ake," anatero. "Tenze kuno, tauni ino ikali kuitanidwa Broken Hill, Kenani ali na zaka zinayi. Chifuwa chikulu chinayamba tetyo. Osati na magazi, iyai, magazi yabwera pothera. Chinayamba na thukuta. Mwezi wa mphepo, anthu onse anjenjemera, iwo auka anyowa monga agwa m'mtsinje. Pa shiti pasala munthu wathunthu, mutu, mapewa, msana." Anasisita shiti loyera lija ndi chikhatho. "Koma apa palibe. Mwana wangu ali bwino. Ni fumbi chabe, monga ananena."

Kenaka anakweza mawu, dala, kuti a kumpanda amve.

"Ndipo nipita kukauza amama anu kuti anabala mwanakazi. Vogonera votere nikalibe kuvionapo, olo kwa abusa. Lolemba nibwerera na mtima woyera."

Amenewo ndiwo mawu amene ndinawafuna sabata yathunthu. Ndinawang'ambira zala ndi mandimu, ndinawagonera pa matiresi osayala. Anali atanenedwa poyera, pamaso pa mboni zitatu, ndipo pofika madzulo akanakhala atazungulira Katondo yense mpaka kutchalitchi. Amayi anga akanapitiriza kukhala benchi yakutsogolo.

Koma m'mutu mwanga zinthu zinayamba kusuntha, chilichonse chikuchoka pamene ndinachiika. Mbale yobwerera ndi ndiwo. Bowo la msomali pa lamba. Njinga yokankha. Kutsokomolera kuseri. Mandimu odzaza chipewa. Zonsezi ndinali nditazisonkhanitsa ngati milandu yanga, ndipo tsopano palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinkanena za ine. Sindinganame kuti ndinamvetsa zonse nthawi yomweyo. Mbali ina ya mtima inkati mwina ndi moto wa kuntchito ndithu, mwina thukuta la atate ndi la mwana n'losiyana, mwina ndikatulutsa shiti lija ndidzangodzionetsa wauve ndi wabodza pachabe, ndipo aDaka, amene anati amama asaone kanthu, sadzandikhululukira. Ndinakhala chogwada, osadziwa ngati ndikuopa kuti ndikulakwitsa kapena kuti sindikulakwitsa.

Ndinayang'ana kumpanda. Azimayi awiri aja ankamwetulira, akugwedeza mitu. Bana Chanda sankamwetulira. Anali ataika lichero pansi, akundiyang'ana ine ndekha.

"Lomba tiyi uja ningamwe," anatero apongozi.

Ndinadzuka. Ndinalowa m'nyumba, ndinadutsa ketulo pa mbaula, ndinapitirira mpaka kuchipinda. Sutikesi inakola mwendo wa bedi ndipo ndinaikoka mwamphamvu mpaka chogwirira chinathothoka. Diresi la ukwati ndinaliponya pansi. Potuluka sindinalipereke lopinda m'manja monga ena aja. Ndinaligwira ngodya ziwiri, ndinalikutumula kamodzi, n'kuliyala pa kapinga, padzuwa, pakati pa apongozi ndi mpanda.

Ndinali nditalichapa kambirimbiri shiti limenelo, koma nthawi zonse ndinkaliona pang'onopang'ono, kachigawo kamene kali m'manja. Tsiku limenelo ndi pamene ndinaliona lonse nditaima. Panali mutu. Panali mapewa awiri, limodzi lokwera pang'ono, monga mmene aDaka ankagonera chammbali. Panali msana wotsika mpaka m'chiuno. Madzi anga owira anali atawajambula amuna anga pansalu, osasiya kanthu.

Kumpanda wina anati, "Mayo," chapansipansi.

"Ndinanama, amama," ndinatero. "Alipo anayi. Enawo anali chomwechi, ndachita kuwayeretsa sabata ino. Ili ndinaliphika, ndiye linakana."

Apongozi anayang'ana banga lija. Anachoka pamphasa chokwawa ndi mawondo mpaka pa shiti. Anatambasula dzanja, nazengereza, kenaka anaika chikhatho pa phewa lija lokwera, n'kuchisiya pomwepo. Ine ndinagwada kudikira chilango changa. Ndinali nditakonzeka kumva za uve, za bodza, za basi ya Lolemba imene tikwere awiri.

"Yayamba liti?" anafunsa.

"Mwezi wa Epulo."

"Miyezi iwiri." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ine ninachapa chaka chathunthu, mwana wangu. Nenze na shiti imozi chabe, ya ku mishoni. M'mawa uliwonse nichapa, niyanika, nisita, kuti anthu asaone. Komboni yonse yenze kunitamanda. Shiti ya atata ake yenze yoyera mpaka tsiku tinawakulungamo."

Sanandiitanenso kuti apongozi tsiku limenelo. Anandigwira dzanja, naliyang'ana mmene mandimu ndi mchere zinalidyera, ndipo sanalisiye.

Tili chomwecho ndinamva kulira kwa tcheni cha njinga. ADaka anali ataima pachipata, chipewa chili m'manja kuti apereke moni kwa mayi awo. Anaona amayi awo atagwada pa kapinga, anaona azimayi kumpanda, kenaka anadziona okha ali gone pansi pamaso pa anthu onse.

"Olipa," anatero, mawu ali otsika. "Ndinati uchape."

"Ndinachapa. Lakana."

"Ukudziwa chimene wachita? Akangomva kuntchito andiimitsa. Tidzadya chiyani?"

Ankafuna kunena zina, koma chifuwa chinawagwira. Anayang'ana njira ya kuseri kwa nyumba, koma kuti akafike kumeneko anayenera kuponda shiti kapena kulumpha amayi awo. Anatsokomolera pomwepo, atawerama pa chiwongolero cha njinga, nthawi yaitali, ife tonse tikumva. Aka kanali koyamba kuti ndimve chifuwa chimenecho popanda khoma pakati pathu, ndipo sichinali cha fumbi.

Chitatha, apongozi anadzuka. Sanakalipe. Anapinda shiti lija okha, banga lili kunja, naliika m'dengu lawo pamwamba pa mtedza.

"Lolemba m'mawa tipita ku chipatala, tonse atatu," anatero. "Iyi niyenda nayo ine. Ukakayamba kuuza adokotala va fumbi, nizaitambasula pa tebulo."

ADaka anawapeza ndi chifuwa chachikulu, ndipo anakhala m'chipatala miyezi itatu, akubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku, ndipo mapiritsi anamwa kupitirira chaka. Ntchito inaima nthawi yonseyo, ndipo masabata awiri oyamba sanandilankhule. Ndikafika ndi chakudya ankatembenukira kukhoma. Ku Katondo nkhani inayenda mitundu iwiri, ena ankati ndine mkazi wolimba mtima, ena ankati ndine uja anayala manyazi a mwamuna wake pabwalo, ndipo ine ndemwe sindinkadziwa kuti ndivomere ati. Apongozi sanabwerere Lolemba lija. Anakhala mpaka mvula yoyamba, akugona pabalaza, ndipo kuchipinda kwathu sanalowe ngakhale kamodzi.

Masana aliwonse, nthawi yoona odwala ikakwana, ndinali ndi chizolowezi chimene anamwino ankandiseka nacho. Ndisanapereke moni, ndisanatsegule mbale, ndinkalowetsa dzanja pansi pa pilo ndi pansi pa mapewa a aDaka. Mashiti a m'wodi ankasinthidwa madzulo, ndiye masana chinyezi cha usiku chinkakhala chikadalipo, chozizira, ndipo ndinkachotsa dzanja n'kulipukuta pachitenje.

Tsiku lina la mwezi wa Ogasiti ndinalowetsa dzanja monga mwa masiku onse. Ndinapapasa pamutu, ndinatsikira pamapewa, ndinafika mpaka pamsana. Ndinabwereranso pamwamba, poganiza kuti ndaphonya malo.

"Ukufuna chiyani pamenepo?" anafunsa aDaka. "Lero pauma, usiku wonse thukuta silinatuluke."

Kenaka anatsamira chagada, nalipanikiza dzanja langa ndi msana wawo pa shiti louma, ndipo nsima inazizira m'mbale ndisanalichotse.